Mtanda pa Dzina la Arjaan

Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu a Tinus Roefs anayendetsa lole yotenga mkaka m'mafamu ozungulira mudzi wa Lommersel, ndipo pa zaka zonsezo sanagogodepo pa khomo lakumaso la munthu. Khomo lakumaso ndi la ansembe ndi la anthu obwera ndi uthenga wa maliro. Iwo ankazungulira kuseri, n'kukankha chitseko cha kukhitchini, n'kufuula kuti, "Mukadali moyo muno?" Mkaka ukamakwera m'thanki, khofi ankakhala ali kale patebulo, ndipo mphindi khumi zimenezo zinkawakwanira kumva amene wabereka, amene wadwala ndi amene wakangana ndi apongozi ake. Sanali munthu wolankhula kwambiri. Anali ndi makutu akuluakulu oima ngati zogwirira za mphika, makutu a kwa Roefs, ndipo anthu ankati Mulungu anawapatsa otero atadziwiratu ntchito yake.

Atapuma pa ntchito, akazi awo, mayi Toos, anada nkhawa kuti bamboyo azingowapinga m'nyumba. Nkhawayo inathera pa maliro a bambo awo aang'ono a Tinus. Anthu ali mkati modya buledi wa soseji mu holo ya parishi, amuna awiri anaima n'kuyang'anana modabwa. Anali atagwira ntchito pa fakitale imodzi zaka zingapo, akudyera pa benchi imodzi, osadziwa kuti agogo awo ndi amodzi. Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi. A Tinus sanaseke. Atafika kunyumba anakwera kudenga, anatsitsa mpukutu wa pepala lomata kukhoma limene linatsala pokonza chipinda, anauyala patebulo mbali yoyera ili pamwamba, n'kusongola pensulo.

Ntchito imene anaiyambayo, yolemba mayina a banja lonse, sinali yamasewera. Agogo awo aamuna, a Driek Roefs, ndi agogo aakazi, a Kee, anabereka ana makumi awiri ndi mmodzi pakati pa 1920 ndi 1943, pa kafamu ka dothi lamchenga ka ng'ombe zisanu ndi ziwiri. M'kabuku ka ukwati wawo mizere yolembapo ana inatha, ndipo a Driek anachita kumatiramo mapepala ena awiri. Ana ankadya m'magulu awiri chifukwa mabenchi sankakwana. Nsapato zawo zamtengo ankazindandalika pakhomo kuyambira zazikulu mpaka zazing'ono, ndipo wodzuka mochedwa ankapita kusukulu ndi zimene wapezapo. Atakula anabalalika, nawonso n'kubereka, apa asanu ndi atatu, apo khumi ndi mmodzi. Zidzukulu zokha zinakwana 143.

Ena amafufuza mbiri ya banja pa kompyuta. A Tinus anaifufuza monga ankatengera mkaka. Anawagawa abale awo potsata misewu, Lolemba chakumpoto, Lachinayi chakumadzulo, n'kumalowera kuseri monga kale. Ankakhala pansi, kumwa khofi, kudikira kuti bokosi la nsapato lituluke, pakuti nyumba iliyonse kuno ili ndi bokosi lake la timakadi ta maliro, tija timagawidwa pa khomo la tchalitchi tili ndi chithunzi cha womwalirayo ndi masiku ake. Ana a m'nyumbazo ankawakonda chifukwa ankawalola kulemba okha mayina awo pa mpukutuwo, zilembo zikhote bwanji. Pomatha zaka zisanu ndi chimodzi mipukutu inali inayi, mayina opitirira mazana asanu ndi awiri, ndipo pa dzina la aliyense amene anatisiya panali kamtanda.

Kamtanda koyamba kanali pamwamba penipeni. M'kabuku ka ukwati kaja, mwana wachiwiri analembedwa kuti Adrianus, wobadwa mu 1921, ndipo wachitatu analembedwanso kuti Adrianus, wobadwa mu 1922. Wachitatuyo ndiye anali bambo awo a Tinus, amene aliyense ankawatchula kuti a Janus. Za wachiwiriyo panalibe chofunsa. Kuno ngakhale mwana wa pulayimale amadziwa kuti makolo akale, mwana akamwalira, dzina lake ankalipereka kwa wotsatira. Kalata ya imfa a Tinus sanaipeze, koma mabuku ambiri a ku ofesi ya mudzi anapsa pa nkhondo, choncho analemba mtandawo mtima uli m'malo. Banja lonse linkanena chimodzimodzi, kuti anabadwa makumi awiri ndi mmodzi, anakula makumi awiri.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankakana. Anali azakhali awo, a Riek, mzime wa agogo Kee, amene tsopano anali okhawo otsala mwa ana onse aja. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndipo ankakhala okha m'kanyumba kawo kuseri kwa tchalitchi, ndi nkhuku zinayi ndi kadimba ka nyemba. Kuyambira ali mtsikana ankanena kuti mayi awo sanaikepo mwana m'manda, ndipo alongo awo ankangoti, "Riek ndi nthano zake." Koma chaka chimenecho anayamba kuzinena pafupipafupi, kwa wogulitsa buledi, kwa wobweretsa makalata, kwa aliyense amene waima.

Lachiwiri lina m'mawa mwana wawo wamkazi, Wilma, analowa m'khitchini mwa a Tinus ali wefuwefu.

"A Makutu, mundibwereke mapepala anu aja."

"Moni kaye, msuweni. Kwanu anthu amangolowa ngati ng'ombe?"

"Moni. Moni, mayi Toos." Wilma anakhala pampando n'kulandira kapu. "Adokotala akubwera kudzawayeza amayi Lachisanu la sabata yamawa. Sabata yatha anasiya ketulo pamoto mpaka madzi kuphwa. Dzulo andiuza kuti ndiwapititse ku Belgium akaike maluwa pa manda a alongo awo a Arjaan, Adrianus wa mtanda uja. Eti anawaona ndi maso awo ali bambo wamkulu, anawapatsa chokoleti. Munthu woti anamwalira ali khanda, zaka makumi awiri iwo asanabadwe! Ku nyumba ya okalamba kwapezeka malo. Adokotala akavomereza kuti mutu wayamba kusokonezeka, mwezi wamawa asamuka."

"Eni akewo akuti chiyani?"

"Akuti m'nyumba muja adzatulukamo ali m'bokosi. N'chifukwa chake ndikufuna adokotala adzaone mtanda uja. Inu amakukhulupirirani aliyense."

A Tinus anamuyang'ana Wilma. Ankadziwa kuti mtsikanayu amadzera kwa mayi ake tsiku lililonse akaweruka, ndiponso kuti akamva galimoto ya ozimitsa moto mtima wake umalumpha. Sanali wankhanza. Anali wotopa ndi mantha.

"Undipatse masiku awiri," anatero. "Ndikamwe nawo kaye khofi."

Anakawapeza a Riek akumangirira nyemba ku timitengo. Pakati pa awiriwa panali zaka zisanu ndi zinayi zokha, ndipo anakula ngati munthu ndi mlongo wake.

"Wabwera kudzandiyeza bokosi?" anafunsa a Riek osatembenuka.

"Ndabwera kudzamwa khofi, azakhali. Ketulo ikadalipo, kapena munaimaliza?"

"Pakamwa pakopo. Ine ndinakusintha matewera, iwe."

Atakhala m'khitchini, a Riek anawaloza ndi supuni. "Mtanda unalemba pa dzina la Arjaan uja ndi wabodza, ndipo ndi umene ukundichotsa m'nyumba mwanga. Anali wamtali, anatuluka m'khola..."

"Munthuyo musiyeni kaye," anatero a Tinus. "Ndiuzeni njira. Mutatuluka pageti munakhotera kuti?"

A Riek anawayang'ana ngati akuwaseka, koma ataona kuti akufunsa zoona, anatsinzina.

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo anali atapita ku msika wa ng'ombe. Amayi anandikweza kumbuyo kwa njinga. Tinakhotera kumanzere, n'kudutsa pa chigayo. Kenako msewu wamchenga wolowa m'nkhalango ya paini, umene amayi anachita kutsika n'kumakankha njinga. Panali kamlatho ka matabwa, thabwa limodzi linali litachoka, ndinaona madzi pansi. Titawoloka tinapeza chitsulo choyera cha malire. Kenako ngalande yaikulu, tinaitsata madzi ali kudzanja lamanja, mpaka pa chumuni yaitali ya fakitale ya njerwa. Pamenepo tinakhotera kumanzere, pa katchalitchi ka Mariya kamene kali pakati pa mitengo iwiri. Famu yachitatu."

A Tinus anaika kapu pansi. Msewu wamchengawo unafafanizidwa iwo asanayambe ntchito, nthawi imene minda inagawidwanso mwatsopano. Iwo ankaudziwa kokha chifukwa dalaivala wokalamba amene anawaphunzitsa lole ankatchula kona ina kuti "pa mlatho wosowa thabwa," pamene panalibe mlatho uliwonse. Pa zaka zawo zonse za pamsewu anali atalozeredwa njira ndi anthu amitundumitundu. Wosokonezeka mutu amasakaniza makona, wopeka nkhani amawadumpha. Azakhali awo sanasakanize, sanadumphe ngakhale imodzi.

"Tsopano ndiuzeni za munthuyo."

"Anatuluka m'khola akupukuta manja. Makutu ngati akowo. Amayi anamugwira kumaso ndi manja onse awiri, nthawi yaitali ndithu. Pobwerera anandiuza kuti, 'Uja ndi mlongo wako Arjaan. Bambo ako asamve.'"

"Bwanji anatenga inu, osati wamkulu?"

"Mayi woyenda ndi kamwana alonda a pamalire samufunsa zambiri. Komanso ankadziwa kuti ine ndikakanena palibe adzandikhulupirire." A Riek anaseka pang'ono. "Sananame."

Masana a tsikulo a Tinus anayala mpukutu woyamba patebulo n'kumangouyang'ana. Mayi Toos anali akusenda mbatatesi chapafupi, ndipo anamva nkhani yonse.

"Koma ngati Adrianus woyambayo anali moyo, akanamutchuliranji wachiwiri dzina lomwelo?" anadandaula a Tinus. "Apa ndiye pandivuta."

"Mwana wamwamuna woyamba ankatenga dzina la yani?" anafunsa mayi Toos.

"La agogo ake a kuchimuna. Amenewo anali Adrianus Roefs, ndi awa apa."

"Wachiwiri?"

"La agogo ake a kuchikazi."

"Ndiye bambo awo a agogo Kee anali ndani?"

Dzina limenelo a Tinus sankalidziwa. Agogo Kee anachokera kutsidya kwa malire ndipo ukwati unachitikira kwawoko. Zaka zonse zisanu ndi chimodzi a Tinus ankatsata dzina la Roefs lokha, kutsika nalo, osawolokako ndi kamodzi komwe.

"Mayina mazana asanu ndi awiri," anatero mayi Toos akuponya mbatatesi m'madzi, "koma bambo wa mayi amene anabereka onsewo simukumudziwa. Amuna inu!"

M'mawa mwake anawoloka malire n'kupita ku ofesi yosunga mabuku akale a kumeneko. Sipanathe theka la ola. Kalata ya ukwati inati mkwatibwi, agogo Kee, dzina lawo lonse ndi Cornelia Mols, mwana wa Adrianus Mols. Agogo onse awiri anali a dzina limodzi. Mwambo unkafuna kuti onse awiri atchulidwe, ndipo palibe mkamwini amene akanayerekeza kuwadumpha apongozi ake chifukwa choti dzinalo lilipo kale m'nyumba. Mmodzi ankamuitana Arjaan, wina Janus, nkhani n'kutha. A Tinus anakhala m'galimoto kanthawi asanalize injini. Anali ataika mwana m'manda ndi pensulo yawo, popanda umboni wina koma zimene aliyense amadziwa.

Komabe zimenezi sizinkasonyeza kuti mwanayo anakula. Anamuimbira Wilma n'kumuuza zonse, osabisa kulakwa kwawo, ndipo anamupempha kuti Loweruka apite atatu.

"Ndiye tikapanda kupeza kanthu?" anafunsa Wilma Lowerukalo, ataima pa khomo la galimoto. "Mungowapatsa chiyembekezo chabe."

A Riek ndiwo anayankha. Anali atakhala kale kutsogolo, atavala chipewa chawo cha kutchalitchi, maluwa a m'dimba mwawo ali pamiyendo.

"Tikapanda kupeza, ndipita ku nyumba yanuyo popanda phokoso. Nkhuku mudzadye. Lowa, ukutichedwetsa."

Poti msewu wamchenga kunalibenso, a Tinus anazungulira ndi wa phula n'kukatulukira pa ngalande ija. Anaitsata pang'onopang'ono, madzi ali kudzanja lamanja, magalimoto ena akuwaimbira hutala. Anayenda mtunda wautali. Chumuni sinaoneke. A Riek anayamba kupotokola tsinde la duwa limodzi ndi zala.

"Inali yaitali kwambiri," anatero motsitsa. "Sizingatheke kuti tisaione."

Kumbuyo Wilma anapuma mozama.

"Chumuni amagwetsa, azakhali," anatero a Tinus. "Inu muziyang'ana maiwe. Pamene ankaumba njerwa ankakumba dongo, ndipo maenjewo sawakwirira."

Patsogolo pang'ono, kuseri kwa mitengo, panali maiwe atatu a makona anayi, anthu akuwedzamo nsomba. A Tinus anakhotera kumanzere. Katchalitchi ka Mariya kanali pomwepo, mbali ina mtengo, mbali ina chitsa chachikulu. Wilma anatsamira kutsogolo.

Koma famu yachitatu kunalibe. Pamalopo panali nyumba zatsopano zofananafanana, ndipo mayi wina amene ankatsuka galimoto yake anati anasamukira kumeneko zaka zinayi zapitazo, sadziwa kanthu. A Riek anavula chipewa n'kuchiika pamaluwa.

"Maluwawo munatengera manda," anatero a Tinus. "Tiyeni kumandako."

Kutsidya kuja amakonda kumata zithunzi pa ziliza. A Tinus anagawa mizere monga ankagawira misewu: iwo kuyambira kuchipata, Wilma kuyambira kukhoma lakumapeto, a Riek apume pa benchi. Anali atangomaliza mzere wachitatu pamene anamva Wilma akuitana ndi mawu achilendo.

"Msuweni. Tabwerani kuno."

Anali ataima pa chiliza chotuwa, dzanja lili pakamwa. Pachithunzipo panali bambo wokalamba wovala kapusi, makutu ataima mbali zonse ziwiri. Pansi pake panalembedwa kuti Adrianus Roefs, 1921 mpaka 1998, ndipo m'munsi mwake, ndi zilembo zing'onozing'ono, Jaan wa kwa Daems.

A Riek anafika atagwira mkono wa a Tinus. Anayang'ana chithunzicho kwa kanthawi, anawerama movutikira n'kuika maluwa awo pambali pa ena amene analipo kale, osafota.

"Mwakalamba, achimwene," anatero. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Khanda lako lija ndi ili."

Bambo wina amene ankasesa m'mandamo anawauza kuti maluwa enawo amaika ndi mwana wa malemuwo, mayi Lieve, amene amakhala kuseri kwa sitolo ya buledi. Atafika panyumbapo, a Tinus anaima pa kanjira kopita kuseri, anaganiza, n'kubwerera. Anthu amene unawafafaniza sungawalowere kukhitchini. Anakonza kolala ya malaya n'kuliza belu la khomo lakumaso.

Anatsegula mayi wa msinkhu wawo womwewo, wovala epuloni. Sanawayang'ane m'maso. Anawayang'ana makutu.

"Ambuye Yesu," anatero. "A kwa Roefs. Ndiye mwaima kumaso kuno ngati ansembe bwanji? Lowani, lowani."

Khofi atathiridwa, mayi Lieve anafotokoza zimene anamva kwa bambo awo. Mu 1924 agogo Kee anabereka mapasa n'kudwala kwambiri. Arjaan, wa zaka zitatu, anamutumiza kwa mchemwali wa a Kee, a Fien, amene anakwatiwa kwa Daems ndipo analibe mwana. Anagwirizana zoti akakhale nyengo yozizira imodzi yokha. Nyengoyo inasanduka chaka, chaka n'kukhala ziwiri. Tsiku limene a Driek anabwera ndi ngolo kudzamutenga, mwanayo anabisala kumbuyo kwa siketi ya a Fien, akulira, akuitana a Daems kuti bambo. A Driek anabwerera okha, ndipo analamula kuti dzina la mwanayo lisadzatchulidwenso m'nyumba mwawo. Ana enawo anali aang'ono kwambiri, ambiri anali asanabadwe. Atakula n'kuona mayina awiri ofanana m'kabuku, anaganiza zimene aliyense akanaganiza, ndipo palibe anawakonza.

"Koma bambo anga ankakudziwani nonse," anatero mayi Lieve. Anapita kuchipinda n'kubwera ndi bokosi la nsapato. "Ankawoloka kukagula nyuzipepala ya kwanu Loweruka lililonse. Akaona kuti kwa Roefs kwagwa maliro, ankavala suti n'kukwera njinga. Ankaima kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi, kapusi atayikokera kuti ibise makutu mpaka pakhomo."

M'bokosimo munali kakadi ka agogo Driek, ka agogo Kee, ndi ta abale asanu ndi awiri amene anatsogola iwo ali moyo, tonse tosanjidwa potsata zaka. A Tinus anatenga kamodzi ka 1991. Kanali ka bambo awo, a Janus.

"Timeneti ndinagawa ndine," anatero. "Ndinaima pakhomo ndekha. Ndinawapatsa m'manja." Anayesa kukumbukira nkhope, koma tsiku limenelo munadutsa anthu mazana anayi, ndipo theka la iwo linali ndi makutu amenewo.

"Bwanji sananene?" anafunsa Wilma.

"Ankati akanena, mudzayamba kuweruza makolo anu, wina kumbali ya bambo, wina kumbali ya mayi, pamene onse anali atavutika kale mokwana. Iwo sanakule movutika ayi. Agogo Fien ankawakonda koopsa. Koma akafunsidwa kuti m'banja mwanu munabadwa angati, ankayankha kuti makumi awiri ndi mmodzi, anthu n'kumaseka poti ankawadziwa ngati mwana mmodzi yekha wa kwa Daems." Mayi Lieve anatembenukira kwa a Riek n'kuwayang'anitsitsa. "Dikirani. Azakhali, kodi si inu kamtsikana kamene kanabwera pa njinga, kanathamangitsa bakha n'kugwera m'dzenje la manyowa? Bambo ankati anachita kukatsuka pa mpope, n'kukatonthoza ndi chokoleti."

"Mbali imeneyo si yofunika," anatero a Riek akuwongola siketi.

"Amayi! Zaka zonsezi munkangotiuza za chokoleti!"

"Ndimanena zimene zili ndi phindu."

Anaseka onse anayi, ndipo Wilma anaseka mpaka kuseka kuja kunasanduka kulira. Mayi ake anamusiya alire, akumusisita pamsana ngati mwana wakhanda.

Sabata imeneyo a Tinus anachita chinthu chimene anthu ambiri a msinkhu wawo sachita. Akanatha kungofufuta mtandawo mwakachetechete, n'kunena kuti apeza nthambi yatsopano, anthu n'kuwayamikira. M'malo mwake analemba kalata yopita ku nyumba zonse za abale. Inayamba ndi mawu akuti, "Ndinalakwitsa, ndipo azakhali a Riek akhala akunena zoona kwa zaka makumi asanu ndi awiri." Anafotokoza mmene analakwitsira, kuti wina asadzabwerezenso, ndipo anatchula kuti funso limene linatsegula njira anafunsa ndi akazi awo. Mayi Toos anawerenga kalatayo kawiri, n'kunena kuti aisunga chifukwa zoterezi sizichitikachitika.

Lachisanu adokotala anabwera monga anapangana. Wilma anafuna kuwaimbira kuti asabwere, koma a Riek anakana. Anati munthu amene anamva bodza lokhudza mutu wawo ayenera kumvanso zoona zake. A Tinus anakhala pakona, mayi Lieve ali pambali pawo, atabwera ndi bokosi lawo lija.

Adokotala anali mtsikana wodekha. Anawafunsa tsiku ndi mwezi, a Riek anayankha bwino. Anawapatsa mawu atatu oti awasunge m'mutu, ndipo patapita mphindi zisanu a Riek anakumbukira awiri okha. Wilma anayang'ana pansi.

"Lachitatulo linali lopanda ntchito," anatero a Riek. "Ndifunseni za anthu."

"Chabwino. Mwana wanu anandiuza za alongo anu ena."

A Riek anatchula onse makumi awiri ndi mmodzi, kuyambira woyamba mpaka iwo eni, aliyense ndi chaka chake, ndi kumene anakwatira kapena kukwatiwa. Atafika pa wachiwiri analoza mayi Lieve n'kuti, "Mwana wake ndi uyu, mutha kumugwira." Adokotala anafunsanso zina zambiri, anayang'ana m'khitchini, anaona mmene amasungira mankhwala awo. Pomaliza anati kuiwala kulipo ndithu, kwa msinkhu wawo, ndipo kuyenera kuyang'aniridwa, koma sakuona chifukwa chowachotsera panyumba pawo. Analangiza kuti m'mawa uliwonse kuzibwera wowathandiza, kuti agule ketulo yozima yokha, ndiponso kuti adzawaonenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Adokotala atapita, Wilma anatuluka panja ndi foni. Kudzera pawindo anamumva akuuza a ku nyumba ya okalamba kuti malo aja apatse wina. Atabwerera anaima pafupi ndi mpando wa mayi ake.

"Amayi, mundikhululukire."

"Unkaopa," anatero a Riek. "Ukanakhala wosandikonda ukanandisiya ndipse ndi ketulo yanga. Koma tsiku lina mutu udzathadi, Wilma. Likadzafika tsikulo udzandiuze pamaso, usadzapite kukabwereka mapepala kwa a Makutu."

"Ndidzakuuzani."

"Ndiye khala pansi. Pali zina zimene mwakhala mukuti ndi nthano. Ndiyambe ndi ya nkhumba imene bambo anaibisa kwa asilikali m'bedi la agogo."

"Imeneyo ndiye bodza, amayi."

"Tinus, ukumumva?"

"Ine sindiyankhanso kanthu, azakhali," anatero a Tinus akusendeza mpando wawo pafupi. "Yambirani pageti. Nkhumbayo inakhotera kuti?"